Dola ya ku banki, dola ya pa bulaki ndi akafukufuku a zisankho: yankho kwa amayi a ku Ndirande

Amayi ena a ku Ndirande, amene amakapikula nsapato ndi zitenje ku Dar es Salaam n'kumagulitsa mu msika wa Limbe, anditumizira imelo. Akuti: "Pa wailesi amati dola ndi K1,751, koma ine ndimaipeza pa mtengo wowirikiza kawiri. Zisankho zikayandikira akafukufuku nawo amatchula manambala awo, alamu anga amati n'zogulidwa. Kodi manambala amenewa amanena zoona? Nanga ndiode katundu panopa kapena ndidikire?"

Amayi, tiyambe ndi dola, poti ndiyo ikukudyerani mpamba. K1,751 ija si bodza. Ndi mtengo umene mabanki amagulitsira dola, ndipo unaima pamenepo kuyambira Malichi 2024. Koma kumbukirani zimene zinachitika m'miyezi yotsatira. Mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pa chaka: shuga, sopo, mafuta ophikira, simenti, lendi. Dola ya ku banki yokha ndiyo inaima nji, ngati wotchi yotha batire. Katundu saima yekha chotero pamene anzake onse akuthamanga. Mukaona mtengo waima, dziwani kuti pali dzanja limene laugwira. Choncho nambala imeneyi sikukuuzani mphamvu ya kwacha, ikukuuzani chimene boma likuopa kuchita. Ndipo ngati munapita ku banki ndi pasipoti ndi mapepala onse n'kuuzidwa kuti "forex palibe, mubwerenso sabata ya mawa", mtengo umenewo kwa inu ndi fodya wa pachala uja, wa mphepo.

Chifukwa chimene madola amasowera si chinsinsi. Dziko lino limaitanitsa katundu wa ndalama pafupifupi 3 biliyoni ya madola pa chaka, koma limagulitsa kunja wa pafupifupi 1 biliyoni. Pa mwezi timafuna madola pafupifupi 250 miliyoni, ndipo mafuta a galimoto okha amadya pafupifupi 50 miliyoni. Pafupifupi theka la zimene timapeza pogulitsa kunja limachokera ku fodya, fodya amene amagulitsidwa miyezi yochepa chabe, kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Ogasiti, ku okushoni ya Limbe, Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu. Dzenje lotsalalo limakwiriridwa ndi thandizo la maiko akunja, ngongole, ndi ndalama zimene abale athu amatumiza kuchokera ku Joni ndi kwina. N'chifukwa chake kwacha ili ndi nyengo ngati mango. Fodya akamagulitsidwa imapumako. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi, pamene dziko likuitanitsa feteleza, katundu wa Khirisimasi komanso chimanga pa chaka cha njala, imapanikizika. Wandale akaima pa nsanja mu Juni n'kumadziguguda kuti kwacha yalimba chifukwa cha iye, mufunseni kuti mabelo angati adutsa ku Limbe sabata imeneyo.

Nambala imene ine ndimailemekeza ndi mpata wa pakati pa dola ya ku banki ndi ya pa bulaki. Mu 2025 ya pa bulaki inadutsa K4,000. Tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu amene wakwanitsa kupeza madola 10,000 ku banki walipira K17,510,000. Akangowoloka msewu n'kukawagulitsa pa K4,000, wapeza K40,000,000. Phindu la K22,490,000, osalima, osanyamula katoni, osagona m'basi ya ku Songwe. Palibe geni mu Limbe monse imene ingapikisane ndi imeneyo. Ndiye funso la ndale lenileni lili apa: ndani amene amapatsidwa madola otchipawo, ndipo amasankhidwa bwanji? Mpata ukakula, kudziwana ndi munthu kumalipira kuposa kugwira ntchito.

Amene amalipira phindu limenelo ndi anthu odziwika bwino. Mlimi wa fodya wa ku Kasungu amagulitsa pa madola, koma madolawo amasinthidwa pa mtengo wa ku banki, pamene feteleza ndi zisaka amazigula pa mtengo umene wamalonda anawerengera pa dola ya pa bulaki. Wogulitsa tiyi kapena makademiya kunja chimodzimodzi: mu 2021 Banki Yaikulu inalamula kuti 30 peresenti ya madola amene ogulitsa kunja apeza izigulitsidwa ku mabanki, pa mtengo wa boma. Mnyamata amene akugwira ntchito ya m'munda ku Johannesburg amadziwa masamu ameneyu ngakhale sanafike fomu 4. Satumiza ndalama zake kudzera ku banki, amapatsa wa basi kapena munthu wina amene ali ndi makwacha kuno. Soya ndi mtedza zimatuluka usiku kudzera njira zachidule. Zotsatira zake, madola amene akanalowa m'mabanki salowa, mabanki amauma kwambiri, mpata uja umakulirakulira. Njira imene inayenera kuteteza kwacha ndi yomwe imathamangitsa madola.

Mizere ya mafuta ija inachokera pomwepa. Lita ya petulo inaima pa K2,530 kuyambira Novembala 2023. Pa dola ya ku banki, imeneyo ndi dola imodzi ndi masenti 44, mtengo wooneka bwinobwino. Koma pa dola ya K4,000 ndi masenti 63 okha, kutanthauza kuti munthu wobwera ndi ndalama zakunja ankapeza petulo wotchipa kwambiri kuno kuposa kwawo. Mafuta amene dziko linavutika kuwalipira ankathera m'zigubu, ena kuwoloka malire, ena kugulitsidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu kwa akabaza pa mtengo wowirikiza kangapo. Chisankho chinachitika pa 16 Sepitembala 2025. Pa 1 Okutobala, patangotha masabata awiri, petulo anakwezedwa kufika K3,499. Masamu sanasinthe m'masabata awiri amenewo. Chimene chinasintha n'chakuti mavoti anali ataponyedwa kale.

Izi si za chipani chimodzi. Malemu Bingu wa Mutharika anagwira kwacha pa K140 kwa zaka zingapo, ndipo mu 2009 anapambana ndi mavoti 66 pa 100 alionse, pa nthawi ya makuponi ndi nkhokwe zodzaza. Koma pofika 2011 fodya sanayende bwino, kazembe wa dziko la Britain anapitikitsidwa, thandizo linaima, mafuta anasowa, ndipo pa zionetsero za pa 20 Julayi anthu pafupifupi 20 anafa. Mayi Joyce Banda atalowa mu Epulo 2012 anamasula kwacha mu Meyi, kuchoka pa K168 kufika pa K250. Mafuta anabwerera, mitengo inalumpha, kenako kunabwera Cashgate, nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma, mu 2013, ndipo pa chisankho cha 2014 anakhala achitatu. A Lazarus Chakwera anayesa zonse ziwiri: kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwetsedwanso mu Novembala 2023 kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, masiku ochepa bungwe la IMF lisanavomereze ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni. Kenako anaigwira. Mgwirizano wa IMF uja unatha wokha mu Meyi 2025 dziko litangolandira madola 35 miliyoni.

Pano pali kachinyengo ka maperesenti kamene ngakhale atolankhani amakodwa nako. Ya 2023 timaitcha "44 peresenti", ya 2012 ambiri amaitcha "33 peresenti", ndiye munthu amaganiza kuti ya 2023 inali yaikulu. Ayi. Kuchoka pa 1,180 kufika pa 1,700, mtengo wa dola unakwera ndi 44 peresenti, koma kwacha inataya pafupifupi 31 peresenti ya mphamvu zake. Kuchoka pa 168 kufika pa 250, dola inakwera ndi 49 peresenti, kwacha inataya 33. Mukayeza ndi muyeso umodzi, ya 2012 ndiyo inali yokulirapo. Aliyense amasankha muyeso umene ukumukomera.

Ndipo ndinene mosapsatira: ndatopa ndi magulu onse awiri. Alipo amene amati kugwetsa kwacha ndi mankhwala, ngati kuti dziko lopanda chogulitsa lingayambe kugulitsa chifukwa choti nambala yasintha. Tinagwetsa mu 2012, mu 2022, mu 2023, ndipo mpata unabwerera nthawi iliyonse imene boma linapitiriza kuwononga ndalama zoposa zimene limatolera, n'kumabwereka m'mabanki a m'dziko momwe muno. Makwacha akachuluka pamene madola ndi omwe aja, dola imakwera basi, kaya muilola kaya muiletsa. Alipo enanso amene amati kwacha yolimba ndi ulemu wa dziko, pamene mayi wa ku Ndirande akugula dola pa K4,000 ndipo amene akudyerera K1,751 sakumudziwa n'komwe. Apolisi akhoza kugwira anyamata osintha ndalama m'tauni lero, mawa mtengo n'kukweranso, chifukwa amene atsala amaonjezerapo mtengo wa mantha.

Za akafukufuku

Alamu anu aja ali ndi mfundo theka. Manambala ambiri amene amazungulira pa WhatsApp si kafukufuku konse. Kuvota kwa pa Facebook kumawerenga anthu amene ali ndi foni ya intaneti ndi bandulo, pamene kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 17.5 miliyoni, 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi. Pologalamu yoimba foni pa wailesi imawerenga anthu amene ali ndi mayunitsi ndi mkwiyo. Khamu la pa msonkhano ku Njamba limawerenga malole amene chipani chinachita hayala, ndipo nkhope zomwezo mudzaziona pa msonkhano wa chipani china Loweruka lotsatira, zitavala nsalu ina.

Kafukufuku weniweni amagwira ntchito ngati wogula fodya wochenjera, amene sakhulupirira masamba okongola a pamwamba pa belo koma amasolola kuchokera pakati. Mabungwe ngati Afrobarometer ndi IPOR ya ku Zomba amatenga mapu a kalembera, amasankha madera mwa maere, amagawa molingana ndi kuchuluka kwa anthu m'zigawo, m'tauni ndi kumudzi, kenako amayenda khomo ndi khomo. A Afrobarometer amafunsa anthu 8 pa dera lililonse, mosinthanitsa bambo ndi mayi, m'chinenero chimene munthuyo wasankha. Anthu 1,200 osankhidwa chotero amapereka chithunzi cha dziko lonse chimene chingaphonye ndi 3 peresenti kumwamba kapena kumunsi. Anthu 2,400 amatsitsa kuphonyako kufika pa 2. Ndiye mukamva kuti uyu ali ndi 38, uyo ali ndi 35, kafukufukuyo sanakuuzeni wopambana.

Pamene anthu amalakwitsa kwambiri ndi pa magawo. Kumpoto kuli anthu pafupifupi 13 pa 100 alionse a m'dziko muno, ndiye mwa anthu 1,200 aja, a kumpoto ndi 156 okha, ndipo kuphonya kwake kumafika pa 8 peresenti. Boma la Blantyre lonse, tauni ndi kumudzi komwe, lingapereke anthu osapitirira 90, kuphonya kwake kuposa 10. Munthu akakuuzani kuti "kafukufuku wasonyeza kuti Ndirande yatembenuka", mwina ku Ndirande kuno anafunsako anthu 8.

Nanga akhala akulondola? Chisankho cha 2014 chisanachitike, Afrobarometer inapatsa a Peter Mutharika 27 peresenti, a Chakwera 21, mayi Banda 19, a Atupele Muluzi 14. Zotsatira zinali 36, 28, 20 ndi 14, mndandanda womwewo. Mu 2020, khoti litathetsa chisankho cha Tipp-Ex chija, IPOR inapatsa a Chakwera 51 ndi a Mutharika 33, ndipo pa 23 Juni anapeza pafupifupi 59 ndi 39. Mu Ogasiti 2025 IPOR inapatsa a Mutharika 41 ndi a Chakwera 31, ndipo zotsatira zinali 56.8 ndi 33. Maulendo onse atatu wopambana anamuona. Chimene sanachione ndi kukula kwa chipambanocho. Ndipo onani kuti bungwe la IPOR lomwelo linaloza kugwa kwa DPP mu 2020 ndi kugwa kwa MCP mu 2025. Ngati ndi logulidwa, ndiye kuti wogula wake ndi wosokonezeka mutu. Chipani chilichonse chimalitamanda chili kotsutsa, n'kumalitukwana chikalowa m'boma.

Yang'anitsitsani manambala a olamula. Mayi Banda anachoka pa 19 kufika pa 20. A Chakwera anachoka pa 31 kufika pa 33. Anthu amene anayankha kuti "sindinaganize" kapena anakana kuyankha sanapite kwa wolamula. Chifukwa chake n'chosavuta kumva kwa aliyense amene anakulira kuno. Mlendo wafika pakhomo ndi tabuleti, wadutsira kwa amfumu, akufunsa kuti mudzavotera ndani, pamene inu mukudikira dzina lanu pa ndandanda wa feteleza wotsika mtengo kapena wa Mtukula Pakhomo. Mumayankha mochenjera. A Afrobarometer amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake kumapeto amafunsa kuti mukuganiza kuti watituma ndani, ndipo anthu ambiri amati boma. Mu 2020 a Mutharika, ali olamula, anakwera ndi 6, ndiye si lamulo la chitsulo. Komabe wolamula amene waima pa 31 kutatsala masabata ochepa, pa lamulo lofuna mavoti oposa theka, ali m'madzi.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti manyuzipepala amangotola funso limodzi la "mudzavotera ndani" n'kutaya ena onse. Mafunso amene amanena za chuma ali mkati: kodi dziko likulowera koyenera kapena kolakwika, vuto lalikulu n'chiyani, ndi kangati chaka chino mwagona ndi njala, mwasowa mankhwala, mwakhala opanda ndalama m'thumba. Kafukufuku wa Afrobarometer wa Ogasiti 2024 anapatsa DPP 43 ndi MCP 29, chaka chathunthu chisankho chisanafike, ndipo njala inali pamwamba pa madandaulo. Imeneyo inali miyezi yochepa boma litalengeza za ngozi ya chilala cha El Niño m'maboma 23 mwa 28, ndipo chaka chimodzi ndi theka chichitikire namondwe wa Freddy amene anagumula Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe. Boma lililonse lanzeru likanawerenga tsamba limenelo ngati kalata ya kuchipatala, osati ngati chipongwe.

Kodi ndiye kuti dola ndiyo imasankha mtsogoleri? Ayi, ndipo umboni wake ulipo. Kuyambira 2017 mpaka 2019 kwacha inakhazikika cha pa K730, kukwera kwa mitengo kunatsika kufika cha m'ma 9 peresenti, mafuta analipo. Koma a Mutharika anapeza 38.6 peresenti yokha mu 2019 ndipo anagwa mu 2020, chifukwa nkhani inali chilungamo cha chisankho, ndiponso MCP ndi UTM zinaphatikiza mavoti awo mu mgwirizano wa Tonse. Chigawo chimene munthu amachokera chimalemerabe pa sikelo. A Dalitso Kabambe, amene anali mkulu wa Banki Yaikulu pa zaka zimene kwacha inakhazikikazo, anaima mu 2025 n'kupeza mavoti pafupifupi 4 pa 100 alionse. Ovota ambiri sanagwirepo dola chibadwire. Dola imawafikira itavala zovala zina: thumba la feteleza, belo la kaunjika limene linatulutsa mavenda m'misewu ya Lilongwe mu Febuluwale 2025, mtengo wa kabaza, paketi ya shuga. Mpata wa pa bulaki umaonetsa ululuwo usanafike, kafukufuku amauonetsa utafika. Musaiwalenso kuti msika wa pa bulaki ndi waung'ono. Ogula akuluakulu awiri kapena atatu, kapena mphekesera imodzi yoti kwacha igwa Lolemba, zimatha kuusuntha ndi mazana angapo pa tsiku. Kusuntha kwa sabata imodzi musakuwerengere, yang'anani kwa miyezi itatu.

Tsopano za katundu wanu, amayi. Kusunga makwacha m'chikwama podikira sindingakulangizeni: mitengo ikamakwera ndi 30 peresenti pa chaka, K1,000,000 yanu pakutha pa chaka imagula zimene K770,000 ikugula lero. Odani, koma m'magawo awiri kapena atatu, ndipo muyambe ndi katundu woyenda msanga monga nsapato za sukulu. Mtengo muziika potengera ndalama zimene mudzafune kuti mukagulenso peyala yomweyo ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, kuphatikiza basi, malo ogona ndi msonkho, osati zimene munagulira ulendo wathawu. Ku banki musasiye kupempha, ndi invoisi ndi nambala yanu ya msonkho, chifukwa ngakhale madola ochepa a mtengo wa boma amatsitsa mtengo wa ulendo wonse, pamene kusintha ndalama mumsewu n'koletsedwa ndi lamulo ndipo mukhoza kulandidwa kapena kupatsidwa zachinyengo. Mukadzamva kuti kwacha ya ku banki yagwetsedwa, musathamangire kukweza katundu yense ndi peresenti yomweyo, poti inu munkagula kale pa mtengo wokwera. Chimene chidzakwere ndithu ndi thiransipoti ndi msonkho wa pa chipata cha Songwe, chifukwa a MRA amawerengera pa dola ya boma. Katundu wa madola 1,000 lero amamuwerengera K1,751,000. Mtengo wa boma utati wafika, mwachitsanzo, pa K2,500, adzamuwerengera K2,500,000, ndipo msonkho wanu udzakwera ndi 43 peresenti pa makatoni omwewo.